Ma neutrophil akwera, kodi colitis yabwereranso?

mwana_wa_mvula
Anzanga a ulcerative colitis, matenda a kutupa ndi zilonda m'thumbo lalikulu aja, thandizeniko. Ndakayezetsa magazi, full blood count ija, nde ma neutrophil (maselo oyera olimbana ndi matenda) akwera kwambiri, ma lymphocyte (mtundu wina wa maselo oyera) atsika, ma platelet (othandiza magazi kuundana) nawonso ali m'mwamba. Chonsecho m'mimba mwayamba kukhala bata, magazi m'chimbudzi anasiya, usiku sindikudzukadzukanso. Ndili pa prednisolone, steroid wochepetsa kutupa uja. Matendawa akundidya mobisa kapena?

kadzidzi
Achemwali mtima m'malo kaye, zambiri mwa izo ndi prednisolone yemweyo. Ma neutrophil ambiri amakhala atakanirira m'mbali mwa mitsempha ya magazi ndipo makina sawawerenga, nde steroid amawamasula n'kuyamba kuyenda ndi magazi, nambala n'kukwera pomwe thupi silikulimbana ndi china chatsopano. Ma lymphocyte amatsika chifukwa cha mankhwala omwewo. Ma platelet amakwera ndi kutupa komanso ayironi akachepa, inu mwataya magazi nthawi yaitali nde auzeni adokotala ayezenso ferritin, yomwe imaonetsa ayironi wosungidwa m'thupi.

tsabola_wofiira
Ine magazi paokha sindiwakhulupirira kwenikweni pa matenda athuwa. Kutupa kuli pa kakhungu ka mkati mwa thumbo lalikulu, kumayambira kumapeto kwenikweni n'kumakwera, nde maselo ovutitsawo amachoka m'magazi kukaunjikana kumeneko. Ena CRP, yomwe amayeza m'magazi poona kutupa m'thupi, imatuluka bwinobwino chikhalirecho kuchimbudzi akupita kambirimbiri. Pemphani calprotectin, amayeza chimbudzi, ndi puloteni yochokera m'ma neutrophil omwe alowa m'matumbo, iyo ndiye imaulula.

Komanso ma lymphocyte ena ali ndi kachingwe kotchedwa alpha4beta7 komwe kamakola pa puloteni ya MAdCAM-1 m'mitsempha ya m'matumbo, ndi momwe amadziwira potsikira. Mankhwala a vedolizumab, omwe anavomerezedwa mu 2014, amatseka kachingweko kuti asalowe. Nde mukuona, selo kukhala m'magazi si vuto, vuto ndi komwe likupita.

mwana_wa_mvula
Eeh zikomo abale, ndinali nditayamba kale kusowa tulo kkk. Adokotala akuti ndikamatsitsa steroid andiyika pa mankhwala ena, azathioprine, nayenso amakweza maselo oyerawa?

kadzidzi
Ayi uyo amatsitsa, amapondereza mafuta a m'mafupa komwe maselo amapangidwa, n'chifukwa chake poyamba amakuyezani magazi pafupipafupi ndipo ena amayamba ayeza TPMT kuona ngati thupi lanu limamuphwanya bwino. Musamadumphe kuyezetsako. Mukatentha thupi kapena zilonda kukhosi muli pa ameneyo musadikire tsiku la kiliniki, pitani tsiku lomwelo akawerenge maselo.