Lekichala wabwino mumamudziwira pati?

Nachisale: Abale, mng'ono wanga wasankhidwa ku Chanco kukachita Humanities ndiye ali ndi mantha, akuti anamva zoti malekichala a History ndi Literature ngokhwima. Inu amene munadutsa ku yunivesite, wabwino mumamudziwira pati kwenikweni?

Wa ku Matawale: Achemwali muuzeni asaope. Kwa ine wabwino ndi amene amakutulutsa m'manotsi. Wathu wa History ankati mukuwerenga za atsamunda chonsecho mukukhala mu tauni ya Zomba yomwe inali likulu la dziko mpaka 1975, pitani mukaone nyumba yakale ya Parliament ndi chipilala chija cha asilikali a KAR (King's African Rifles, gulu lankhondo la nthawi ya atsamunda), ndiye tikafika pa nkhani ya Chilembwe ya 1915 kalasi imatentha, wina akuti anali ngwazi wina akuti anapupuluma, iwo osakwiya, amangofunsa kuti umboni wako uli pati. Ukayankha zopanda mutu sankakuseka pagulu ayi.

Mtsikana wa Chikanda: Zoona, koma ine ndimayang'ana kachongedwe. Asainimenti ibwere ndi ndemanga, akuuze kuti ndime iyi ilibe mfundo, osati kungolemba malikisi basi. Ndipo ibwere mayeso asanafike, ikachedwa ukonza chani?

Achimwene Phiri: Kukhwimako musakuone ngati vuto. Amene amakukakamiza kuwerenga buku lonse ku laibulale, osati kudalira zapa WhatsApp, ameneyo amakufunira zabwino. Chachikulu azipezeka mu ofesi ukamufuna.

Nachisale: Zikomo nonse, ndimutumizira. Nanga akamaopa kufunsa m'kalasi angatani poti ndi wamanyazi?