Kodi ndalama za zipatala zazing'ono amazigawa potengera chiyani?

Mlangizi wa m'malire:
Abale, ndigawireniko nzeru. Ndine mlangizi wa zaumoyo pa chipatala china chaching'ono kufupi ndi malire a Mozambique. Dzina lake sinditchula, ntchito ndikadaifuna. Mwezi uliwonse likamakwana 20, ambulansi yagona, ati mafuta atha. Sabata yatha mayi wina woyembekezera, magazi ali chuchuchu, tinamukweza pa kabaza wa njinga yamoto, mlamu wake atamugwirira kumbuyo, ulendo wa ku boma. Anapulumuka, koma ine tulo sindinationenso bwino.

Chondivuta ndi ichi. Tsiku la sikelo, ana ambiri m'kaundula mwanga ndi a tsidya linalo. Kuwabweza sitingathe, ndi abale athu, ena ndi akuchikazi kwanga komwe. Koma kalembera wa 2018 sanawawerenge. Ndiye ngati amagawa potengera chiwerengero cha anthu, LA, mankhwala a malungo aja, amene tikulandirayu ndi wa anthu angati?

Gogo wa maakaunti:
Mwana wanga, ine ndinapumira ntchito ku khonsolo, ndikuuzeni zimene ndinaona. Potsatira ndondomeko ya mphamvu ku anthu ya 1998, ndalama zoyendetsera ntchito, zija timati ORT, zimadzera ku khonsolo, ndipo kugawa kwake kumadutsa ku National Local Government Finance Committee, komiti yoona za ndalama za makhonsolo. Mafuta, chakudya cha odwala, magetsi, madzi, zonse zimatuluka m'thumba limenelo. Mankhwala ndi nkhani ina, amachokera ku Central Medical Stores Trust, nkhokwe ya mankhwala ya dziko lino. Papepala amayang'ana chiwerengero cha anthu ndi zina, koma m'nthawi yanga chimene chinkalemera kwambiri n'chakuti chaka chatha munalandira zingati. Amene anayamba ndi zochepa ankangokhalira zochepazo.

Komanso musaloze ku Lilongwe kokha. Ndalama ikafika pa boma, chipatala chachikulu chimayamba ndicho kudya, poti mawodi ndi khitchini zili pomwepo. Inu akumudzi munalibe ngakhale akaunti yanuyanu. Mpopi ukathyoka, kalata, kenako kudikira.

Nyamwezi wa ku Chitipa:
Zowerenga mitu ya anthuzi ife zimatipweteka mosiyana ndi inu. Kwathu anthu ndi ochepa, inde, koma kuchoka ku Nthalire kufika pa boma ndi mtunda woti galimoto imamwa mafuta ngati ili ndi ludzu, nthawi ya dzinja osanena. Wodwala akafunika chipatala chachikulu, ndiye mpaka ku Mzuzu. Ulendo umodzi umenewo ena akanatengera odwala khumi. Nanga Likoma, anthu osakwana 15,000 pa kalembera wa 2018, koma wodwala wodalira boti? Aziwerenga makilomita, osati mitu yokha.

Wa ku Bangwe:
Inu mumayesa m'tauni tikudyerera. Boma la Blantyre lilibe chipatala chake cha pa boma ngati maboma ena, aliyense wokanika ku zipatala zazing'ono amathera ku Queens. Mzere timaima kusanache. Chiwerengerocho chisachoke ayi, ndiye chokhacho chimatikumbutsa kwa ogawawo.

Gogo wa maakaunti:
Nonse mukunena zoona, n'chifukwa chake misonkhano ya bajeti inkatha anthu atatupa mitima. Mkate wake ndi waung'ono. Ku Abuja mu 2001 maiko a mu Africa analonjeza 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo, ife zaka zambiri sitifikapo. Koma inu a m'malire, kaundula wanuyo ndiye mboni yanu. Lembani padera odwala a tsidya lina mwezi ndi mwezi, mupereke ku komiti ya chipatala ndi kwa khansala wanu, akakanene ku khonsolo ndi manambala m'manja.

Mlangizi wa m'malire:
Zikomo agogo, ndiyesa. Vuto lake, anthuwo akafunsidwa mudzi amatchula wa kuno, kuopa kubwezedwa. Ndiyamba ndakambirana ndi a mfumu Lachisanu likubwerali, awauze kuti kunena zoona sikuwamanitsa mankhwala.