Kukonza nyumba ya agogo ndi kuwonjezerapo zipinda zatsopano

Mdzukulu wa ku Chiradzulu:
Akuluakulu, ndikupempha malangizo. Kumudzi kwathu kuli nyumba imene agogo adamanga ndi njerwa zootcha koma zomangira dothi, ndipo malata ake adadyeka ndi dzimbiri. Ndikufuna kuikonza, kenako ndiwonjezerepo zipinda ziwiri zogona, bafa ndi chimbudzi cha madzi, zonse za mabuloko a simenti. Mmisiri wina akuti tigumule yonse, koma amayi sakufuna n'kumva komwe. Kodi chatsopano chingalumikizidwe ndi chakale osachita ming'alu?

Mmisiri wa ku Lunzu:
N'zotheka, bambo, bola musalole mmisiri kuchotsa njerwa zina m'khoma lakale kuti mabuloko alowerane nazo, ngakhale kuti ambiri amatero. Nyumba ya agogoyo idakhazikika kalekale, pamene chigawo chatsopano chidzatitimira pang'ono m'zaka zoyambirira, ndipo ngati mwazimangirira pamodzi chidzakoka khoma lakalelo mpaka kuling'amba. Chikhale ndi maziko akeake, ndipo pokumanira makoma pasiyidwe kampata kotseka ndi chinthu chofewa. Maziko a m'mbali mwa khoma lakale akumbidwe m'chilimwe, chigawochigawo, chifukwa mukakumba mzere wonse nthawi imodzi khomalo limatsala lopanda potsamira.

Musanafolere malata atsopano, thirani konkire yokhala ndi zitsulo kuzungulira pamwamba pa makoma akale, ndipo mitengo ya denga imangiriridwe pamenepo ndi waya. Mitengoyo ipakidwe mankhwala a chiswe. Pulasitala wa simenti yambiri sagwirizana ndi khoma lomangira dothi, chifukwa amatsekera chinyezi m'kati kenako n'kumakakatuka, choncho pulasitalayo asakanizidwe ndi laimu. Kwanuko mudaona zimene namondwe Freddy adachita mu March 2023: makoma ambiri a dothi adagwa atafewa m'munsi. N'chifukwa chake khonde lotambalala ndi ngalande yochotsa madzi ndi zofunika kuposa matailosi.

Mayi wa ku Zomba:
Achimwene, musanagule ngakhale thumba limodzi la simenti, khalani pansi ndi amalume anu pamodzi ndi alongo anu. Kwathu kuno kwa chikamwini malo a kumudzi ndi a mbumba, ndipo nyumba imene mwamuna wamanga kwa amayi ake kawirikawiri imatsalira alongo ake ndi ana awo, osati mkazi wake kapena ana ake. Ngati mukumangira amayi, palibe vuto. Ngati mukuganiza zodzapumirako pa ntchito, mugwirizane pamaso pa amfumu ndipo zilembedwe. Lamulo la malo a mafumu la 2016 limalola kulembetsa malo otere, koma banja liyenera kumvana kaye za dzina lolembedwapo.

Wokhala ku Johannesburg:
Ine ndikukayikira za chimbudzi cha madzicho. Ngati pamudzipo mulibe mipopi, amene azitunga madzi ku mjigo kuti azithiramo ndi amayi omwewo kapena adzukulu awo, choncho muwerengeretu mtengo wa thanki ndi pampu ya sola. Dzenje la chimbudzicho likhale pa mtunda wa mamita osachepera 30 kuchokera pa chitsime, ndiponso kumunsi kwake.

Mdzukulu wa ku Chiradzulu:
Zikomo nonse. Ndiyamba ndi amalume mwezi uno, ndipo denga ndi ngalande zitheke mvula isanagwe. A ku Lunzu, kodi konkire ya pamwambayo singalemere khoma la njerwa imodzi?