Gulu la banja: msonkhano wa Loweruka ndi ntchito yopenta makalasi

Azakhali: Mwadzuka bwanji nonse. Ndikukumbutsa kuti Loweruka lino tikumana 2 koloko masana kwa amalume. Nkhani ndi imodzi, ntchito yoyamba ya kagulu kathu kothandiza anthu. Amene sabwera anene lero, asadikire Loweruka m'mawa.

Msuweni: Tadzuka bwino azakhali. Ine ndinali ndi maganizo akuti tipente makalasi onse anayi a ku sukulu, tidzalenso mitengo, kenako tikaone odwala, zonse tsiku limodzi. Anthu tilipo ambiri.

Achimwene aakulu: Mtima umenewo ndi wabwino mphwanga, koma tiyambe ndi chimodzi, tichimalize. Magulu othandiza amene akhalitsa amadziwika ndi ntchito imodzi. A Lions anayamba mu 1917, ndipo kuchokera mu 1925, Helen Keller, mayi wa ku America amene anali wosaona ndi wosamva, atawapempha kuti athandize akhungu, agwiritsitsa nkhani ya maso mpaka lero. A Rotary anatenga nkhondo yothetsa poliyo mu 1985 ndipo sanaisiye. Kagulu kongoyamba kumene kakagwira zinthu zitatu, anthu amatopa mwezi woyamba womwewo, ulendo wachiwiri mumapezeka mulipo anayi.

Achemwali: Ndi zoona. Komanso tisanagule kanthu, awiri a ife apite kwa aphunzitsi aakulu ndi a komiti ya sukulu akafunse chimene chikuwavuta kwambiri. Tisapite ndi yankho m'thumba. Mwina ife tikuona makoma akuda, iwo akulira mabolodi amene choko sichikuonekanso. Chilolezo chikhale cholembedwa, chokhala ndi masiku, makalasi ake, ndi dzina la amene adzatsegule ndi kutseka zitseko. Zongolankhulana pakamwa zimachititsa kuti anthu afike ndi zidebe n'kupeza pakhomo pali loko.

Azakhali: Achemwali ndi alamu, ntchito imeneyo ndi yanu pofika Lachinayi. Achimwene, tatiuzani msonkhanowo tiuyendetsa bwanji, poti wa mwezi watha unatha kutada popanda chimene tinamanga.

Achimwene aakulu: Ola limodzi ndi theka basi. Mphindi 5 zotsegulira ndi kulemba amene abwera. Mphindi 10 mlembi awerenge zimene tinagwirizana ulendo watha, tione zachitika ndi zimene sizinachitike. Mphindi 10 msungichuma anene zimene zalowa, zatuluka ndi zatsala, malisiti ali pa tebulo. Mphindi 35 nkhani yaikulu. Theka la ola lomaliza n'locheza, mabuku atatsekedwa. Kuchezako musakuone ngati kutaya nthawi, ndi kumene kumabweretsa anthu ulendo wotsatira. Koma kukhale kumapeto. Mukayamba nako, nkhani yaikulu imadzakambidwa ena atanyamuka kale.

Achimwene aakulu: Chinanso, mlembi asalembe zonse zimene aliyense wanena. Alembe zinthu zitatu pa mfundo iliyonse: chichitike n'chiyani, achite ndani, pofika liti. Mfundo yopanda dzina ndi tsiku sichitika. Ndipo tisamange mfundo yokhudza ndalama ngati amene abwera sakupitirira theka la mamembala, kuopa kuti ena adzati sanafunsidwe.

Alamu: Pa ndalama ndikupempha chimodzi. Ndisamagwire ndekha. Wina azilandira, wina azilemba m'kope, ndipo kokagula tizipita awiri. Lisiti lijambulidwe pafoni n'kuikidwa pagulu pano tsiku lomwelo, chifukwa malisiti ambiri a m'makina aja amafufutika pakapita miyezi. Sikuti tikukayikirana ayi, koma abale amadana msanga pa ndalama yosalembedwa.

Agogo (wawalembera mdzukulu): Ndamva zonse ana anga. Misonkhanoyo isamachitikire nyumba imodzi, mwininyumba amatopa. Muzisinthana.

Achimwene aakulu: Agogo anena bwino. Dzina la Rotary linachokera pomwepo. Paul Harris ndi anzake atayamba gulu lawo ku Chicago mu 1905, ankasinthana malo okumanira, lero ku ofesi ya uyu, ulendo wina kwa uyo. Mlembi alembe mndandanda wa nyumba za miyezi 6, aliyense adziwiretu mwezi wake.

Amalume: Tsopano mundimvere za pentiyo, chifukwa apa ndi pamene ntchito zodzipereka zambiri zimaonongeka. Makalasi anayi tsiku limodzi n'zosatheka. Awiri, masiku awiri, nthawi ya holide. Tiwerengere kalasi ya mamita 8 m'litali, 7 m'lifupi, khoma lotalika mamita 3. Kuzungulira ndi mamita 30. M'munsi, kuchokera pansi kufika mita 1.2, tipaka penti wamafuta, poti ndi pamene ana amagwira ndi kutsamira ndipo amatsukika. Amenewo ndi masikweya mita 36. Kumtunda kwatsala 54, tikachotsa mawindo ndi bolodi kutsala ngati 44, kumeneko penti wamadzi. Lita imodzi imakwana masikweya mita pafupifupi 10 pa khoma losalala. Kupaka kawiri ndi 88, kutanthauza malita 9 pa kalasi. Ndiye chidebe chimodzi cha malita 20 chikwana makalasi awiri, kotsalako n'kokonzera mophonyeka. Wamafuta tigule zitini zitatu za malita 5. Koma alamu mukawerenge pa chitinipo, opanga amasiyana, ndipo khoma lokhakhala limamwa kwambiri.

Msuweni: Nanga bwanji osangothira madzi ambiri kuti chidebe chimodzi chikwane makalasi onse, amalume?

Amalume: Ayi mwana wanga. Penti wosungunuka kwambiri amayenderera, saphimba, ndipo akauma amachoka ngati ufa. Mudzapaka katatu m'malo mwa kawiri. Madzi pang'ono pa koti yoyamba yokha, monga alembera pa chidebe. Ndipo ntchito yeniyeni si kupaka, ndi kukonza khoma. Lachinayi achemwali mukachite zinthu zitatu. Pukutani khoma ndi chikhatho. Chikayera ndi ufa, ndiye kuti pali laimu kapena penti wofumbutuka, pamenepo tipale kaye, titsuke, tipake pulayima (penti woyambira amene amathandiza kuti wapamwamba agwire), apo ayi watsopanoyo adzakanganuka ngati khungu. Kachiwiri, nyowetsani kansalu ndi sipiliti mupukute penti wakale. Akatsalira pa nsalu ndi wamadzi, akapanda kutsalira ndi wamafuta, ndipo wamadzi sagwira pa wamafuta wonyezimira pokhapokha mutakwecha kaye ndi kupaka pulayima. Kachitatu, yang'anani m'makona ndi pansi pa mawindo. Pamene padera ndi chinyezi kapena pali nguwi, fufuzani kumene madzi akulowera. Kupenta pa khoma lonyowa n'kutaya penti, amatupa matuza n'kusendeka. Denga lodontha likonzedwe kaye.

Achemwali: Ndazilemba. Ndijambulanso ming'alu yonse kuti muone kukula kwake.

Amalume: Mwatero. Ing'onoing'ono titseka ndi fila (phala lotsekera ming'alu), iume, tikweche. Koma ngati pali poti n'kumatanso pulasitala, pamenepo pamafuna milungu pafupifupi 4 kuti paume tisanapente, ndiye pachitike msanga. Nguwi titsuka ndi klorini wamadzi wochapira uja, kapu imodzi ku makapu 4 a madzi, titavala magolovesi, mawindo ali otsegula, ndipo osasakaniza ndi mankhwala ena otsukira, mpweya wake ndi woopsa. Chimene ndikutsindika kwambiri: penti wakale wamafuta nthawi zina amakhala ndi mtovu, ndipo fumbi lake limaononga ubongo wa ana. Osakwecha pouma. Tizinyowetsa khoma ndi sandipepala, tivale zotseka pakamwa ndi mphuno, zopalidwazo tizikolope ndi nsalu yonyowa, osasesa. Ana aang'ono ndi amayi oyembekezera asalowe m'kalasimo masiku amenewo.

Agogo (wawalembera mdzukulu): Walira mvula walira matope. Mwafuna kupenta, palani.

Azakhali: Tamva agogo. Amalume, anthu angati?

Amalume: Asanu pa kalasi. Awiri a marola, awiri a mabulashi odula m'makona ndi m'mbali mwa mawindo, mmodzi wotakasa penti, kuthira m'mathileyi ndi kupukuta zodontha zisanaume. Mukachuluka mumangopondana ndi kugubuduza zidebe. Amabulashi atsogole, amarola atsatire pasanaume, kuti pasaoneke mzere. Kuyamba kumtunda kutsika. Marola tiwamangirire ku ndodo zazitali, palibe wokwera pa desiki. Wamadzi amafuna maola 2 mpaka 4 musanabwereze, ndiye tikayamba 7 koloko, koti yachiwiri ilowa masana. Wamafuta amafuna usiku wonse, maola 16 kapena kupitirira, n'chifukwa chake ndikuti masiku awiri. Mukabwereza asanaume amachita makwinya. Mzere wa pakati timenye ndi chingwe chopaka choko, tepi tichotse penti asanaumitsitse.

Achemwali: Mabolodi ndiwatenga ine ndi msuweni. Kutsuka, kukwecha pang'ono, kupaka kawiri penti wake wa bolodi, osati wamafuta wakuda wamba, ameneyo amanyezimira ndipo choko chimaterera. Tiwauze aphunzitsi kuti adikire masiku 3, kenako apake bolodi lonse ndi choko chogoneka cham'mbali n'kufufuta. Akapanda kutero, zimene alembe koyamba zimatsalira osafufutika bwino.

Msuweni: Chabwino asisi. Ine ndidzajambulanso zithunzi zoika pa Facebook.

Achemwali: Jambula makoma ndi ife eni ake. Mwana wa sukulu aliyense akapezekapo, osamujambula popanda chilolezo cha makolo ake. Ndipo wina wa ife asatsale yekha ndi mwana wa eni m'kalasi.

Alamu: Amene sangathe kupenta asadzione ngati alibe gawo. Pakufunika wotunga madzi, wotulutsa ndi kubwezera madesiki, woyang'anira ana athu panja, ndi wosunga kabokosi ka mabandeji. Amene ali kutali atumize chopereka chawo pofika Lachisanu kuti ndidzanene chiwerengero chenicheni pa msonkhano. Marola, mathileyi ndi ndowa, amene ali nazo anene pano tisagule kawiri.

Amalume: Marola awiri ndi ndodo zake ndili nazo. Akusowa awiri, mabulashi anayi a mainchesi 2, ndi zopalira zinayi. Madzi otsukira mabulashi tisadzathire m'ngalande kapena pafupi ndi potunga madzi. Tidzawasiye m'ndowa penti adikhe pansi.

Azakhali: Mlembi, zonsezi zilowe m'kope ndi mayina ake. Achemwali ndi alamu, tidikira zithunzi ndi kalata ija Lachinayi madzulo. Amene sanayankhe za Loweruka, ndikuimbirani mmodzimmodzi usiku uno.