Thandizeni, u32 yanga mu Rust ikutulutsa nambala yopenga

Membala wobisa dzina: Abale thandizeni. Ndikulemba kapulogalamu mu Rust koti kaziwerenga fayilo ya binary, ndikutenga ma byte 4 kuti ndipange u32 (nambala yathunthu ya ma bit 32) koma ikundipatsa 1152122880 pomwe nambala yake siyenera kufika kumeneko. Abwana akufuna zonse Lolemba, amene analemba code yakale anachoka osasiya comment ngakhale imodzi, laputopu yake ndi yobwereka kwa mlamu wanga ndipo akuifuna, magetsi osanena. Mutu wandizungulira.

Gift: Fayilo yake ndi ya mtundu wanji? Ndiye mwaitana function iti? Tiwonetseni code, nkhani ya alamu isiyeni kaye.

Mdala wa C: RUST YA CHANI?? Ana a masiku ano kukonda zachilendo. Mu C ndi memcpy, kenako ntohl, watha. C ilipo kuyambira 1972 ndipo sinalirepo.

Tadala: Mdala, ntohl imaganiza kuti ma byte abwera mwa big-endian (byte yaikulu poyamba) ngati a pa network, ndiye pa purosesa ya x86 ikawatembenuza n'kupereka nambala yomweyi. Taonani, 1152122880 mu hex ndi 0x44AC0000, mukatembenuza ma byte ikukhala 0xAC44 yomwe ndi 44100. Imeneyo ndi sample rate (ma sample pa sekondi) ya fayilo ya audio ya WAV, imakhala pa byte 24 mpaka 27 ndipo WAV ndi little-endian (byte yaing'ono poyamba). Achimwene mwina mwalemba from_be_bytes, yesani u32::from_le_bytes(buf[24..28].try_into().unwrap())

Mdala wa C: Ndiye try_into, unwrap, zonsezo za chani? Pointer cast mzere umodzi basi.

Yamikani: Pointer cast yomweyo inandigonetsa ku ofesi ine, pa laputopu imayenda bwinobwino koma titaika pa kachip ka Cortex-M0 kanangogwa HardFault chifukwa adiresi sinali aligned (sinali yogawika ndi 4), kasitomala mpaka lero sanamalize kundilipira.

Mdala wa C: Vuto linali inuyo mphwanga, osati C.

Chisomo: Kkkkk mlamu akumva kuti laputopu yake yatchuka pa gulu?

Gift: Tadala, buf[24..28] ipanga panic (pulogalamu igwa) fayilo ikakhala yaifupi, bola buf.get(24..28). Komanso ukungolosera, mwini wake sananene kuti ndi WAV. Ikanakhala chithunzi cha PNG, width yake ili pa byte 16 ndipo ndi big-endian.

Tadala: 44100 angaipeze kuti kwina? PNG yotambalala choncho munaiwonapo?

Yamikani: Ingoikani crate (library ya Rust) ya byteorder mupume.

Tadala: Crate chifukwa cha ma byte 4? from_le_bytes ili mu std, library yobwera ndi Rust, kuyambira Rust 1.32, 2019.

Mdala wa C: 2019!! Ife tinali titayamba kale kuiwala zimenezi.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Mlamu watenga laputopu, ndiyesa mawa. Koma palinso f32 (nambala ya decimal) ikutuluka NaN (Not a Number), imeneyo nditani?

Gift: FAYILO YAKE NDI YANJI achimwene