Bokosi la zomangira ma fly: ndigule, kapena ndizingogula omangiratu?

Chiko wa ku Chinamwali: Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Alamu anga akubwera kuchokera ku Joni mwezi wamawa, ndiye anditumizira zithunzi za bokosi la zida zomangira ma fly, nyambo zopanga zija za nthenga ndi ulusi pa mbedza. Muli vayisi (chopanira mbedza pomanga), kogwirira ulusi, sizasi, mbedza pang'ono ndi timatumba ta nthenga zamitundumitundu. Akuti mtengo wake ukufanana ndi wa ma fly omangiratu odzaza kabokosi. Ine ndimawedza nsomba za trout kuphiri la Zomba kuno, ku Mulunguzi ndi ku Chagwa, ndipo ma fly anga akungothera m'mitengo. Otsalawo ndi othothoka kale. Ndiwauze agule bokosilo, kapena angondigulira omangiratu? Kumanga sindinayeserepo.

Nabanda: Achimwene, ngati cholinga n'kupulumutsa ndalama, musayerekeze n'komwe. Bambo a kunyumba kuno anayamba ndi mawu omwewo, akuti tisiya kugula. Lero kabati yanga ya mbale yadzaza nthenga, ubweya wa kalulu ndi timikanda. Mwezi uliwonse pali kanthu kamodzi kamene kakusowa kuti fly inayake itheke. Uzani alamu anuwo agule omangiratu, inu muzipita kukawedza.

Madala Jere: Mayi, zimenezo ndi matenda a bambo akwanuwo, si vuto la vayisi. Mwana wanga Chiko, funso loyamba ndi ili: fly ikakutherani Loweruka m'mawa, mukaigula kuti? Pa Zomba palibe sitolo imene mungalowe n'kunena kuti ndipatseni fly ya Woolly Bugger ya nambala 10. Ine ndinaphunzira kumanga chifukwa cha mtunda. Ukakwera ku Nyika, kumadamu a ku Chelinda, palibe chogula, chomwe wanyamula ndi chomwecho. Amene amati kumanga n'kutaya ndalama ambiri amakhala pafupi ndi sitolo. Ife timadikira munthu wochokera kunja, ndipo abwera liti sitidziwa.

Banda wa ku Joni: Madala anena zoona, koma bokosi lomwelo ayi. Ndikulidziwa mtundu wake, ndinaliona kwa mnzanga amene timapita naye ku Vaal kukawedza yellowfish. Vayisi yake milomo ndi yofewa. Ukamanga mbedza yaing'ono n'kukoka ulusi, mbedza imaweramira pansi kapena kudumpha n'kukagwera pa kapeti. Munthu woyamba kumene amaganiza kuti manja ake ndiwo olephera, chonsecho ndi chida. Nthenga zake ndiye musanene: zofiira, zachikasu, zapinki, zokongola pa chithunzi, koma zambiri simudzazigwira mpaka njenjete zitadya.

Chiko wa ku Chinamwali: Ndiye achimwene mukuti ndisiye zonse?

Banda wa ku Joni: Ayi. Ndikuti gulani chimodzichimodzi. Ndalama yambiri ipite pa vayisi yogwira zolimba. Kenako kogwirira ulusi kokhala ndi kapaipi ka ceramic, chifukwa kachitsulo kotchipa kamakhala ndi m'mphepete mokala ndipo kamadula ulusi uli pakati pa ntchito. Sizasi yaing'ono yosongoka, ulusi wopyapyala wa 6/0, wakuda ndi wa olive, ndi mbedza zabwino za nambala 10, 12 ndi 14. Kumbukirani kuti nambala ikamakula mbedza imachepa, musadzawauze alamu kuti agule 18 poganiza kuti ndi zazikulu. Muwonjezere kathumba ka nthenga zofewa za marabou ndi timikanda ta brass. Basi. Kachida komangira mfundo yomaliza musavutike nako, zala zimatha.

Wa Nyongolotsi: Koma anthu inu. Nsomba imene agogo ankaigwira ndi nyongolotsi yokumba kuseri kwa bafa, inu mukuisokera malaya? 😂

Madala Jere: Iwe, kadzayese nyongolotsi yakoyo m'paki uone ngati a Parks angakusekerere. Malo a trout ali ndi malamulo ake, ndipo Chiko, chilolezo uzifunsa kwa a Forestry usanaponye chingwe. Nsombazi si zachilengedwe kuno, anabwera nazo azungu nthawi ya atsamunda, ndipo zimakhala m'madzi ozizira a m'mapiri okha. N'zochepa, sizifuna kukokolola.

Tibwerere ku nthenga, poti apa ndi pamene anthu amanamizana. Ena adzakuuzani kuti tambala wa kumudzi akukwanira pa chilichonse. Sizoona. Nthenga za m'khosi mwa tambala wathu ndi zofewa, timitsitsi take ndi tataliatali, ndipo zimamwa madzi. Pa fly yomira zimenezo ndi zabwino kwambiri, chifukwa m'madzi zimagwedezeka ngati miyendo ya kachilombo. Koma pa fly yoyandama, yoti iime pamwamba pa madzi, pamafunika nthenga zolimba, zazifupi, zonyezimira. Zimenezo zimachokera kwa atambala oŵetedwera ntchito yomweyo, monga a Whiting Farms ku Colorado, ndipo chikopa chimodzi cha m'khosi chimatha kudula kuposa vayisi. Ndiye nzeru yanga ndi iyi: zomira muzimanga nokha, zoyandama muzigula. Ndiponso trout imadya pansi pa madzi nthawi zambiri, choncho zomira ndi zimene muzitaya kwambiri.

Nkhanga ndiye chuma chathu. Tinthenga take ta madonthomadontho, kuzunguliza kamodzi kuseri kwa diso la mbedza, thupi la ulusi wa olenji kapena wobiriwira, fly yatha. Mukagula nkhanga ya ndiwo, uzani mayi asaithire madzi otentha musanazule zomwe mukufuna.

Nabanda: Madala, mwaiwala kunena za nsabwe za nkhuku. Nthenga za kumudzi zinandilowetsera tizilombo m'nyumba ine. Chiko, mukazitenga muzitsuke ndi sopo, ziume bwinobwino, muziike m'pepala la pulasitiki lotseka n'kuziponya mufiriza kwa masiku angapo. Mukatulutsa, pakapita sabata muzibwezerenso, kuti mazira amene aswa afe. Ndipo musazisakanize ndi zogula. Izi ndikunena ine amene ndikutsutsa, poti ndaona kuti mwakopeka kale.

Mbewe wa ku Chikwawa: Ine ndilowe ndi za kwathu kuno kumunsi. Ku Shire, kumunsi kwa mathithi a Kapichira, kuli mcheni. Amene anauonapo mano ake akudziwa. Fly yogula modula, mcheni ukaluma kawiri yatsala mbedza yokha ndi kaulusi kolendewera. Kugula omangiratu pa nsomba imeneyi n'chimodzimodzi kutunga madzi ndi dengu. Ine ndimamanga fly ya Clouser, yosavuta kwabasi: maso olemera pamwamba pa mbedza kuti iziyenda chagada osakola pansi, tsitsi loyera kumimba, lakuda kapena lofiira kumsana. M'malo mwa mchira wa gwape wa ku America ndimagwiritsa mesh ya ku saluni, yomwe akazi amalukira kumutu. Maso ndimadula ku katcheni ka timipira kaja ka chotsekera sinki. Mfundo ndimapaka kyutekisi wosaoneka mtundu. Musaiwale kawaya kutsogolo, apo ayi mcheni udula chingwe n'kupita nazo zonse.

Banda wa ku Joni: Aphiri a ku Chikwawa, pa mesh ndikugwirizana nanu, koma pa ulusi ndi mbedza munthu asachite zachidule. Ulusi wa telala ndi wonenepa, mutu wa fly umatuluka ngati chotupa, ndipo wa thonje umaola. Mbedza za pamsika zija zimachita dzimbiri msanga, zina zimawongoka nsomba yaikulu ikakoka. Kukhala theka la ola ukumanga fly pa mbedza yoti iwongoka, n'kudzipweteka wekha.

Mbewe wa ku Chikwawa: Ndine Mbewe achimwene, osati Phiri 😄 koma pa mbedza mwalasa.

Nabanda: Pali china chimene simukumuuza mnyamatayu. Ma fly ambiri ogulitsidwa m'masitolo a ku Ulaya ndi ku America amamangidwa ku Kenya, ndi anthu amene ntchito yawo ndi yomweyo kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Manja awo ndi ozolowera, fly iliyonse imatuluka yofanana ndi inzake. Inu oyamba kumene, zoyambirira zanu zidzakhala zoti ngakhale chule sangaziyang'ane. Nthawi imeneyo ndi zipangizo zoonongekazo mwaziwerengera?

Madala Jere: Mayi, fly yonyansa imagwira nsomba. Zokongola zambiri zimangogwirira mwini sitolo kasitomala. Ndipo zoonongeka sizitayidwa: lezala pa mbedza, kupala zonse, kuyambiranso. Mukuidziwa fly ya Pheasant Tail? Anaipanga Frank Sawyer, mlonda wa mtsinje wa Avon ku England, ndipo sanagwiritse ulusi ngakhale pang'ono. Timitsitsi ta nthenga ya kumchira kwa mbalame ya pheasant ndi kawaya kopyapyala ka kopa, basi. Mpaka lero ili m'bokosi la pafupifupi aliyense wowedza trout. Kawaya kotero kali mu wailesi yakufa iliyonse, ndi m'kamota ka fani yowonongeka. Nthenga imodzi ya pheasant imatulutsa ma fly ambiri, ndipo ndi yotchipa, alamu akhoza kuiika m'kati mwa buku.

Chimene sitolo singakugulitseni ndi ichi. Pitani kumtsinje, tembenuzani mwala, muone tizilombo tomwe tamatirira kunsi kwake, kukula kwake ndi mtundu wake. Mukafika kunyumba mumange zofanana nato. Mvula yoyamba ikagwa ngumbi n'kuyamba kugwera pamadzi, nsomba zimachita misala, ndipo fly yomangidwira mitsinje ya ku England singafanane ndi ngumbi ya pa Zomba kuposa imene mwamanga mukuyang'ana ngumbi yeniyeni pa tebulo.

Wa Nyongolotsi: Ngumbiyo osangoikoloweka pa mbedza bwanji? Kapena kuikazinga n'kudya, nsomba n'kuisiya?

Nabanda: Apa ndiye mwayankhula zanzeru koyamba.

Banda wa ku Joni: Chiko, chinanso: alamu akagula nthenga zikhale m'mapaketi ake osatsegula, ndi lisiti. Zinthu zochokera ku nyama pa boda amatha kufunsa. Ndipo maso anu ali bwanji? Mbedza ya 14 usiku magetsi atazima si masewera. Muzimanga masana pakhonde, kumbuyo kwa vayisi muike pepala loyera kuti muziona bwino.

Chiko wa ku Chinamwali: Zikomo nonse, mwanditsegula m'maso. Bokosi lija ndawauza alisiye. Ndalemba vayisi, kogwirira ulusi, sizasi, ulusi, mbedza za 10 ndi 12, marabou yakuda ndi nthenga ya pheasant. Zotsala agule ma fly oyandama omangiratu, monga anenera madala. Achemwali a Nabanda, kabati ya mbale sindiikhudza, ndili ndi chitini cha mabisiketi.

Nabanda: Nawonso anayamba ndi chitini. Chikadzaza mudzandiuze, ndili ndi thumba la ubweya wa kalulu lomwe ndikufuna lichoke m'nyumba muno eni ake asanabwere ku ntchito.

Mbewe wa ku Chikwawa: A Banda, alamu akewo angandinyamulireko mbedza zazikulu za 2/0? Ndalama nditumiza pa foni.