Za ulendo wa amayi kuchipatala ndi mawu amene anenedwa ku mapemphero

Gulu: Ana ndi Zidzukulu za a Naphiri

Lachiwiri madzulo

Esinati, 17:42
Mwaswera bwanji nonse. Amayi agonako bwino lero koma bala la kuphazi lija likutulukabe madzi, ndipo chala chimodzi chayamba kuda. Kuchipatala chathu chaching'ono atipatsa kalata yopita nawo ku Lilongwe, akuti shuga wakwera kwambiri tisachedwe. Zimene mwasonkha zakwana K410,000. Dalitso, ya pa Mukuru ija ndatenga dzulo. Tigwirizane tsiku ndi galimoto.

Yohane, 17:55
Zikomo mlongo. Alamu anu ati galimoto ilipo Lachinayi, ife tingothira mafuta. Tikanyamuka pa Linthipe m'mamawa tikapezeka pamzere dzuwa lisanakwere.

Feliya, 18:10
Achimwene, musanamange tsiku ndimveni kaye. Lachisanu ndinali ku mapemphero a usiku wonse kuno ku Lilongwe. Munthu wa Mulungu anandiloza pakati pa chikhamu, anatchula Linthipe, anatchula mwendo wa amayi. Anati bala limenelo si la kuchipatala, pali mayi wachikulire wa magazi athu amene anakwirira zinthu pakhomo. Akuti tibwere nawo Lamlungu ndi mbewu, ndiye kuti chopereka, ya K250,000, mafuta odzozera tikagula komweko. Wanenetsa kuti mwezi uno usanathe amayi ayenda okha.

Dalitso, 18:14
Amayi, polowa anakulembani maina?

Feliya, 18:16
Anyamata olandira alendo amalemba aliyense, dzina, kwanu ndi chimene wadzera, kuti akupempherere. Koma iwe Dalitso sunaliko. Ine thupi lonse linanjenjemera.

Dalitso, 18:23
Sindikutsutsa zimene munamva m'thupi amayi. Ndikungoti Linthipe ndi mwendo munazinena nokha pakhomo. Kuno ku Joni taona zambiri. Mu 2016 ku Limpopo m'busa wina, Lethebo Rabalago, ankapopera anthu Doom kumaso ati akuwachiritsa, anthu n'kumaima pamzere, mpaka khoti linamupeza wolakwa mu 2018. Ku Kenya mu 2023 anafukula mitembo yoposa 400 m'nkhalango ya Shakahola, anthu amene anauzidwa kuti asale kudya kuti akakumane ndi Yesu. Onsewo anali ndi Baibulo m'manja.

Feliya, 18:25
Usafanizire mtumiki wa Mulungu ndi anthu amenewo. Kwalembedwa kuti musakhudze odzozedwa anga.

Tiyamike, 18:34
Azakhali, ine ndikuimirani mbali imodzi. Ndikudziwa kuti adadi akalemba anena za ku CCAP kwawo, koma uneneri sunathe ayi. Filipo anali ndi ana aakazi anayi onenera, Machitidwe 21:9. Paulo anauza Atesalonika kuti asazime Mzimu, asanyoze mawu a uneneri. Koma pa mzere wotsatira pomwepo akuti yesani zonse, sungani chokomacho. Ku 1 Akorinto 14:29 akuti aneneri alankhule awiri kapena atatu, enawo aziyesa zimene zanenedwa. Kumpingo kwathu ku Ndirande munthu akati wamva mawu amayamba wauza abusa ndi akulu, iwo amamufunsa mafunso, ndipo mawu ena amabwezedwa. Mtumiki wanuyo ndani amamufunsa?

Yohane, 19:05
Ndinali kudya, pepani. Feliya mlongo wanga, ndilemba zambiri, uwerenge modekha. Sindikukalipa.

Salimo 105:15 limene watchulalo likukamba za Abrahamu, Isaki ndi Yakobo pamene ankayendayenda m'maiko a eni ali ochepa, Mulungu n'kuchenjeza mafumu kuti asawachite choipa. Likuletsa kuvulaza. Kufunsa silikuletsa. A ku Bereya ankamva Paulo mwiniwakeyo akulalika, n'kupita kukafufuza m'malembo tsiku ndi tsiku ngati zinalidi choncho, ndipo Luka akuwayamikira chifukwa cha zimenezo.

Tsopano za ndalama. Naamani atachira khate anabwera kwa Elisa ndi mphatso, Elisa analumbira kuti salandira kanthu, ngakhale anamukakamiza. Gehazi, mnyamata wa Elisa, anathamangira galeta, nanama, nalandira matalente awiri a siliva ndi zovala ziwiri, khate lija linamumatirira iye. Zili pa 2 Mafumu 5. Mika 3:11 akudzudzula aneneri olosera chifukwa cha ndalama kwinaku akuti Yehova ali pakati pathu. Simoni wa ku Samariya atatulutsa ndalama kuti agule mphatso ya Mulungu, Petro anamuuza kuti awonongeke nazo pamodzi. Mneneri Agabo uja analosera njala m'masiku a Klaudio, ndipo inabweradi. Abale a ku Antiokeya anasonkha, inde, koma zosonkhazo anapatsira Barnaba ndi Saulo kuti zipite kwa anjala a ku Yudeya. Agabo sanatengeko kanthu. Ine ndafufuza m'Baibulo langa, sindinapeze mneneri wa Yehova amene anatchula mtengo wodwala asanamupempherere.

Feliya, 19:11
Mbewu si malipiro achimwene. Ndi chikhulupiriro.

Yohane, 19:13
Ngati ndi chikhulupiriro, bwanji wachiikira nambala? Bwanji K250,000, osati zimene mtima wako wafuna?

Yohane, 19:29
Ndipitirize pa nkhani ya tsiku, pakuti pamenepa ndi pamene pakundiwawa. Werenga Yeremiya 28 usiku uno. Hananiya anaimirira m'nyumba ya Yehova pamaso pa ansembe ndi anthu onse, nanena kuti zaka ziwiri zisanathe ziwiya za m'Kachisi zidzabwerako ku Babulo pamodzi ndi amene anatengedwa ukapolo. Anachotsa goli la mtengo pakhosi pa Yeremiya nalithyola anthu akuona. Ukudziwa chimene Yeremiya anayamba kunena golilo lisanathyoledwe? Anati Amen, Yehova achite chomwecho. Nayenso ankalakalaka anthu akwawo atabwerera. Inenso ndikuti Amen, amayi ayende mwezi uno usanathe. Koma Yeremiya anawonjeza kuti mneneri wolosera mtendere adzadziwika kuti anatumidwadi mawu ake akachitika. Hananiya ananenera mwezi wachisanu, mwezi wachisanu ndi chiwiri anali atamwalira, ndipo kalata ya Yeremiya kwa a ku Babulo inanena zaka 70. Mawu okoma kukhutu aja ndi amene anali onama. Kwa Ahabunso aneneri ngati 400 anati pitani mukapambana, Mikaya yekha ananena zowawa, anamumenya mbama n'kumutsekera, koma Ahabu anakaferadi kunkhondoko.

Deuteronomo 18:22 akuti mawu akapanda kuchitika, Yehova sanawanene, usamuope munthuyo. Vuto lathu ndi lakuti muyeso umenewu umafuna kudikira, ndipo phazi la amayi silingadikire mpaka pa 30 kuti tione ngati mtumikiyo ananena zoona. Komanso ndawaonapo anthu otere. Tsiku likadutsa sadzati ndinanena za m'mutu mwanga. Adzati banja lanu linalibe chikhulupiriro, kapena mbewu inachepa.

Tiyamike, 19:36
Pamenepo ndikugwirizana nanu adadi. Koma musaiwale kuti ine ndi inu timasiyana. Inu mumati atumwi ndi aneneri anali maziko, maziko samangidwa kawiri. Ine ndimati Mulungu amalankhulabe, kungoti mawu a lero sakhala pa mpando umodzi ndi Malembo, amayesedwa ndi Malembowo. Yesaya akati atero Yehova, zinalembedwa kuti mibadwo yonse imvere. Mlongo wa mumpingo akati ndaona ngati Ambuye akuti chakuti, timamva, timapemphera, timayesa, ndipo akhoza kulakwitsa.

Yohane, 19:38
Zimenezo tidzakambirana pa Khirisimasi mwana wanga. Lero njira yako ndi yanga zatifikitsa pamalo amodzi.

Feliya, 19:44
Nanga akadakhala kuti ananena chinthu chimene sindinalembetse? Chifukwa anatchulanso kuti pakhomo pali mtengo wa mango.

Chisomo, 19:46
Amayi aang'ono, pa Linthipe khomo lopanda mango ndi liti?

Yohane, 19:52
Ngakhale akadatchula nambala ya chitupa chako. Deuteronomo 13 akuti chizindikiro chikhoza kuchitikadi, koma ngati munthuyo akukupatutsa pa njira ya Yehova usamumvere. Mtsikana wa ku Filipi uja, Machitidwe 16, ankanena zoona zokhazokha za Paulo ndi Sila, ambuye ake akupanga naye ndalama zambiri, koma Paulo anatulutsa mzimuwo. Kudziwa zobisika ngakhale asing'anga amadzitama nako. Yesu anati tidzawazindikira ndi zipatso zawo. Tiyeni tione chipatso cha mawu a Lachisanuwa pakhomo pathu. Esinati, nena zimene unandiuza pa foni.

Esinati, 20:08
Sindimafuna kuzilemba pano koma ndilemba. Feliya, unaimbira mnzako wa kuno Loweruka, ndipo pofika Lamlungu nkhani inali itafika pa mjigo. Mayi wachikulire wa magazi athu amene watsala ndi mmodzi, amayi aang'ono. Dzulo ana awakuwiza pobwera kudimba. Lero m'mawa sanabwere. Ndinawapeza atakhala kuseri kwa nkhokwe, ndowa ya madzi ofunda ili pambali yazizira, kansalu kotsukira bala kali m'manja. Akuti ndikamugwira mkulu wanga anthu anena kuti ndikukometsa mankhwala. Anthu inu, chiyambire bala ili amene amalitsuka m'mawa ndi madzulo ndi iwowa. Amene amaphika phala la mgaiwa lopanda shuga, n'kumawanyengerera amayi kuti amwe, ndi iwowa. Usiku amagona pamphasa pafupi ndi bedi. Amayi akhala akufunsa tsiku lonse kuti mng'ono wanga ali kuti, ine ndikusowa choyankha.

Chisomo, 20:17
Ndipo musaitenge mopepuka. Mu January 2016 ku Neno anapha agogo anayi a banja limodzi mtsikana atafa ndi mphezi, ati ndi afiti. Zimayamba ndi manong'onong'o ngati awa. Lamulo la za ufiti la 1911 likugwirabe ntchito, kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Mtumikiyo sanatchule dzina, wasiyira ife kuti titchule, mlandu ndi magazi zikhale pa ife.

Dalitso, 20:19
Agogo aang'ono ndi amene anandilera amayi ali ku geni. Ine izi sindilola.

Feliya, 20:41
Ine sindinatchule dzina la munthu. Ndipo musandione ngati sindikonda amayi. Ndikuopa. Mnzanga wa pamsika anapita ndi bala ngati lomweli anabwerako alibe mwendo. Ndikaganiza amayi pa njinga ya olumala, munthu amene analima mpaka chaka chatha, tulo sindipeza. Munthu akandiuza kuti ayenda, ndingakane bwanji?

Esinati, 20:45
Tonse tikuopa mng'ono wanga. Ine ndimalira ndikamamanga bandeji.

Chisomo, 20:53
Amayi aang'ono, chimene chimadulitsa mwendo kawirikawiri ndi kuchedwa. Shuga amaononga mitsempha, phazi limachita dzanzi, magazi sayenda bwino, bala limalowa mkati munthu osamva kuwawa. Kuda kwa chala kuja ndi chizindikiro chakuti magazi sakufikako. Tikapita Lachinayi pali mwayi woti atsuke, apereke mankhwala amphamvu, atsitse shuga. Tikadikira Lamlungu kenako kutha kwa mwezi, tidzapitabe kuchipatala komweko koma zitafika pa bondo. Ndipo mafuta aja pabala lotseguka chonde ayi.

Yohane, 21:02
Hezekiya atadwala chithupsa mpaka kutsala pang'ono kufa, Yesaya anabwera ndi mawu akuti Yehova wamuwonjezera zaka 15. Yesaya yemweyo analamula kuti atenge nkhuyu zouma aike pachithupsapo. Mneneri weniweni, mawu enieni, mankhwala pomwepo. Ndiye tichita chonchi. Mawa madzulo ndibwera kumudzi ndi akulu a mpingo awiri, tikapemphera ndi kuwadzoza amayi monga akunenera Yakobo 5:14, popanda tambala. Amayi aang'ono akakhala pafupi ndi ine, anthu aone. Ndisanafike pakhomo ndidzera kwa a mfumu kuti nkhani ya pa mjigoyi aizimitse.

Tiyamike, 21:05
Mundiimbire pa video nthawi ya pemphero. Ine ndi anzanga a ku kwaya tisala kudya mawa mpaka madzulo.

Feliya, 21:20
Ndalama za gulu sindizikhudza. Koma Lamlungu ine ndipitabe kukapemphera, musandiletse.

Yohane, 21:24
Sindikuletsa, ndiwe wamkulu. Ndikupempha ziwiri. Za mayi wachikulire zija usazivomereze pamaso pa anthu, ndipo amayi sachoka m'chipatala kupita kumeneko. Ukamufunsenso mtumikiyo ngati angabwere ku wodi kudzapemphera popanda mbewu. Yankho lake udzatiuze.

Feliya, 21:31
Ndimufunsa. Esinati, mawa m'mawa uwapatse foni amayi aang'ono ndilankhule nawo ndekha. Mnzanga uja ndimuimbiranso usiku uno.

Esinati, 21:33
Ndiwapatsa ikamakwana 7, akamabwera ndi madzi, ngati abwere.

Dalitso, 21:36
Malume, mafuta a galimoto musachotse pa K410,000, nditumiza ina mawa pa Airtel Money ya Chisomo. Muwagulirenso agogo aang'ono shuga ndi sopo, munene kuti zachokera kwa ine.

Yohane, 21:40
Zikomo mphwanga. Ndiye Lachinayi 5 koloko galimoto ili pakhomo. Okwera ndi amayi, Esinati, Chisomo ndi ine. Chisomo usaiwale buku la kuchipatala, kalata ija ndi mapilisi onse amene akumwa. Wodikirira wodwala ku Lilongwe akhala ndani? Esinati sangasiye ana a sukulu sabata yonse.

Feliya, 21:43
Ndikhala ine. Geni ndisiyira mtsikana. Mundipeza pageti ndi bulangete, beseni ndi mbaula.

Esinati, 21:45
Ubweretsenso zitenje ziwiri zakale zoyala, za kuno zonse zili pachingwe sizinaume.